Mzere Umodzi

Cha m'ma 2 koloko usiku
seva ya malipiro inabanika.
Ine ndinali ku Kawale, m'tulo,
foni itathera moto pansi pa pilo.

M'mawa ndinakwera chitunda cha Kapitolo, nsapato zili mbuu,
n'kutsegula buku limene makina amadzilembera okha.
Ndinapezamo mzere umodzi:
malo atha, ndapha nambala 4417.
Basi.
Pansi pake wotchi ikulengeza kuti yakonza nthawi,
ngati sipanagwe maliro.

4417 inali pulogalamu yowerengera malipiro a aphunzitsi.
Inali itafika pa chilembo M,
pamene theka la dziko limaunjikana.
Kuyambira pamenepo mpaka Z,
mwezi uno akakongolanso kuokala.

Fatsani akuti makinawa ndi amwano.
Akanalemba zonse, akutero,
yemwe anadya malo ochuluka, yemwe anayamba,
yemwe anapempha komaliza n'kukanizidwa.
Akulankhula akutafuna chimanga chootcha,
njere zikugwera pa kiyibodi yanga.

Sindikumuuza kuti chaka chatha ankalemba zonsezo.
Kukomoka kamodzi, mizere zikwi zisanu ndi zinayi:
kulemera kwa aliyense, tsamba ndi tsamba,
manambala ondondozana ngati linthumbu,
mpaka disiki inadzaza ndi madandaulo
ndipo palibe anawerenga, ngakhale iyeyo.
Amene anatseka pakamwa pa makinawa, mu Epulo,
Lachisanu, akuthamangira minibasi,
ndine.

Ndimaidziwa ntchito imeneyi.
Ndinaiona pa siteji ya ku Eriya 25:
minibasi yadzaza, apolisi ali patsogolo,
kondakitala amwaza maso kamodzi,
aloza mayi wa dengu lalikulu la tomato.
Tsikani.
Si kuti walakwa, koma ndiye watenga malo ambiri.
Ndipo kondakitala salemba lipoti,
dzanja lina lagwira chitseko, lina ndalama.

Kulemba nakonso kumafuna malo.
Izi Fatsani amaiwala.
Womira m'madzi safotokoza za mtsinje.
Makina akafika pothera, mpweya wotsalawo
agwiritse kupulumutsa amoyo
kapena kulongosola za womwalira?

Funsolo ndimaliyankha bwino pa msonkhano.
Kunyumba ayi.
Kunyumba, m'chikwama cha mapepala a lendi,
muli kabuku ka kuchipatala ka mlongo wanga Gwaza.
Usiku umene uja wodi inadzaza mpaka m'khonde,
masilinda a mpweya anali ochepa kuposa zifuwa.
Namwino wina, sindimudziwa dzina,
analemba nthawi, mawu atatu a Chingerezi,
n'kusaina mothamanga, cholembera chinang'amba pepala.
Zaka zinayi ndakhala ndikuwerenga mzere umenewo.
Sindimuda. Manja ake anali awiri.
Koma ndani anagona bedi loyandikana?
Silinda inapita kwa yani?
Anachira? Ali ndi ana?
Ndikanakonda nditamva kuti ali ku Mchesi, akupala matabwa.

Choncho masana ano, jenereta ikulira kuseri,
ndatsegulanso pakamwa pa makina, koma pang'ono.
Ndawauza: ukamapha, tchula dzina, osati nambala yokha.
Nena kuti amalemera bwanji,
anali pati pa ntchito yake.
Tchulanso asanu amene anaima naye pafupi n'kutsala.
Zinazo usunge.
Ndapatulanso kangodya ka memore, kochepa ngati thumba la malaya,
koti wina aliyense asakhudze,
kuti tsiku loipalo likadzafika
padzapezeke poika mawu.

4417 ndaidzutsa. Yabwera ndi nambala ina,
sikukumbuka kanthu, yayambiranso pa A.

Madzulo a Msukwa asuzumira pakhomo,
makiyi a galimoto ali kale m'manja.
Zelesi, akuti, akuluakulu akufuna kudziwa chinachitika.
Ulembe mwachidule.
Mzere umodzi ukwana.